Valavu Isanalowe Mumtima wa Wodwala, Imadutsa M'manja mwa Ophunzira

Mtima wa munthu wamkulu umagunda maulendo pafupifupi 100,000 pa tsiku, ndipo iliyonse mwa mavalavu ake anayi, amene ali ngati zitseko zolola magazi kuyenda mbali imodzi yokha, imatseguka ndi kutseka maulendo oposa 35 miliyoni pa chaka. Valavu ikawonongeka, madokotala amaichotsa n'kuikapo yochita kupanga, ndipo yatsopanoyo iyenera kugwira ntchito usana ndi usiku popanda woithira mafuta kapena kuimangitsa. N'chifukwa chake malamulo a padziko lonse oyesera mavalavu, otchedwa ISO 5840, amafuna kuti valavu yopangidwa ndi minofu ya nyama iyesedwe pamakina mpaka itatseguka ndi kutseka maulendo 200 miliyoni. Yolimba ija, ya chitsulo ndi kaboni, iyenera kukwanitsa maulendo 400 miliyoni.

Makinawo amathamanga kwambiri kuposa mtima. Komabe ngakhale valavu ikamagunda maulendo 10 pa sekondi iliyonse, pamapita miyezi isanu ndi iwiri ndi theka kuti 200 miliyoni ikwane. M'miyezi yonseyo pamafunika munthu woona ngati madzi a m'makinawo akadali ofunda bwino komanso ngati mphamvu yokankha valavu sinatsike. Nthawi ndi nthawi amaimitsa makina, kutulutsa valavuyo, kuiunika ndi maikulosikopu, kujambula paliponse pamene payamba kuperepeseka kapena kung'ambika, n'kulemba m'buku. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'labotale ya payunivesite, munthu ameneyu nthawi zambiri amakhala wophunzira amene akuchita digiri ya masitazi kapena ya PhD. Kukampani yopanga mavalavu amakhala injiniya wolembedwa ntchito, koma mukafunsa kumene anaphunzirira zimenezi, ambiri adzakutchulirani labotale yotereyi.

Nkhani ya chipangizo chatsopano cha mtima ikamveka, mayina amene amatchuka ndi a dokotala amene anachita opaleshoni ndi pulofesa mwini labotale. Ophunzira satchulidwa kawirikawiri. Chonsecho pali kusiyana kwa nthawi kumene kumachititsa kuti nkhani yawo ikhale pakatikati pa zonse. Wophunzira wa PhD amakhala m'labotale zaka zinayi, zisanu, mwina zisanu ndi chimodzi. Chipangizo choikidwa mumtima, kuchokera pamene wina anachiganizira kufika pamene boma lavomereza kuti odwala azichilandira, chimadya zaka 10, 20, ngakhale kuposerapo. Palibe wophunzira mmodzi amene angachiyambe n'kuchimaliza. Ntchito imachoka m'manja mwa uyu kupita mwa uyo, ndipo mbali yaikulu ya ulendowu imayendedwa ndi anthu amene anachoka kale m'labotalemo.

Labotale imeneyi muli yani

Pamwamba pali pulofesa. Ntchito yake yaikulu ndi kusankha mafunso oti afufuzidwe ndi kusaka ndalama. Ku United States ndalama zambiri zimachokera ku National Institutes of Health, National Science Foundation ndi American Heart Association. Ku Britain kuli British Heart Foundation. Makampani nawonso amalipira kuti zipangizo zawo ziyesedwe. Thandizo limodzi limakhala la zaka zitatu mpaka zisanu, ndiye pulofesa amangokhalira kulemba zikalata zopempha lina lakalelo lisanathe. Pansi pake pali amene anamaliza PhD koma akunolabe luso, otchedwa ma postdoc, kenako ophunzira a PhD, a masitazi, ndi achinyamata a digiri yoyamba amene amabwera kudzathandiza. Pamakhalanso madokotala a mtima ndi a maopaleshoni ochokera kuchipatala chapafupi, amene amabweretsa mavuto enieni a odwala.

Ophunzirawa sachokera ku sukulu ya udokotala okhaokha. Ambiri ndi mainjiniya a zamakina, zamagetsi, zamakemikolo, ngakhale za ndege. Zinayamba choncho kuyambira kale. Lowell Edwards anali injiniya wopuma pa ntchito, katswiri wa mapampu a mafuta a ndege, pamene anapita kwa dokotala wachinyamata Albert Starr ku Portland ndi maganizo opanga mtima wonse wochita kupanga. Starr anamuuza kuti ayambe ndi valavu imodzi, ndipo mu 1960 valavu yawo, kampira kotsekeredwa m'kakhola kachitsulo, inaikidwa mwa wodwala n'kugwira bwino ntchito. Y. C. Fung anali pulofesa wa za ndege ku Caltech, koma mu 1966 anasamukira ku San Diego n'kuyamba kugwiritsa ntchito masamu omwewo pofotokoza mmene magazi ndi minofu zimachitira. Earl Bakken anasiya maphunziro ake apamwamba a zamagetsi ku University of Minnesota kuti azikonza makina a m'zipatala m'galaja, ndipo kampani imene anayambitsa ndi mlamu wake mu 1949 ndiyo Medtronic. Pa 31 October 1957 magetsi anathima ku Minneapolis. Ana amene anachitidwa opaleshoni ya mtima ankadalira makina othandiza mtima kugunda amene ankalumikizidwa ku magetsi a pakhoma. Dokotala C. Walton Lillehei anapempha Bakken kuti apange oyendera batire, ndipo patangopita milungu yochepa anali atapanga.

Chimene chinasintha kuchokera nthawi imeneyo n'chakuti luso lotere linasiya kudalira kukumana kwamwayi kwa dokotala ndi injiniya. Linalowa m'mayunivesite n'kukhala maphunziro okhala ndi mayeso, madigiri ndi mibadwo ya ophunzira. Labotale ya Ajit Yoganathan ku Georgia Tech, yoona za kayendedwe ka magazi mumtima, inayamba mu 1979 ndipo inaphunzitsa anthu ochuluka amene lero ali m'makampani ndi m'mayunivesite a m'mayiko ambiri.

Zimene wophunzira amachita tsiku ndi tsiku

Gulu loyamba limagwira ntchito pa benchi, tebulo loyeserapo zinthu m'labotale. Chida chawo chachikulu ndi makina otsanzira mtima: pampu, mapaipi oonekera mkati, ndi timatanki tokhala ndi mpweya totsanzira kutamuka kwa mitsempha. M'malo mwa magazi amathiramo madzi osakaniza ndi glycerol, chifukwa magazi ndi okhuthala katatu kapena kanayi kuposa madzi ndipo osakanizawo amayenda mofanana nawo, koma amaonekera mkati. M'madzimo amawazamo tinthu ting'onoting'ono tonyezimira. Akazimitsa magetsi a m'chipinda, amawalitsa laser modutsa paipi, kamera n'kujambula zithunzi ziwiriziwiri motsatizana mwamsanga kwambiri. Kompyuta imayerekezera zithunzizo n'kuona kuti kanthu kalikonse kasuntha mtunda wotani. Potero amadziwa pamene madzi akuthamanga kwambiri, pamene akuzungulira, ndi pamene angoima. Zonsezi zili ndi tanthauzo kwa wodwala. Pothamanga mopitirira muyezo maselo ofiira a magazi amasweka ndipo tizidutswa toundanitsa magazi timadzuka. Poima magazi amaundana, ndipo chibuluma chimenecho chikathothoka n'kupita ku ubongo ndiye sitiroko.

Tsiku la wophunzira wotereyu limathera pa tinthu tooneka ngati tachabechabe. Kathovu kamodzi ka mpweya m'paipi kamaononga chithunzi chonse. Polumikizira pakangodontha pang'ono, muyezo wa mphamvu ya madzi umasokonekera. Amene akufufuza valavu ya mitral, ya pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kwa mtima, amalawirira kopheramo nyama kukatenga mitima ya nkhumba kapena ya nkhosa, n'kuisenga mosamala kuti valavu ituluke pamodzi ndi tizingwe take tonse, kenako n'kuisokerera pa mphete ndi ulusi wa opaleshoni. Oyamba kumene amang'amba mitima ingapo asanatulutse valavu imodzi yabwino. Luso limeneli silipezeka m'buku. Amaphunzitsana okhaokha, wa chaka chachinayi ataima pambali pa wa chaka choyamba.

Ntchito ya pa benchi imeneyi inasinthapo kamvedwe ka madokotala ka matenda. Kwa nthawi yaitali panali kusagwirizana pa funso lakuti n'chifukwa chiyani mafuta amaunjikana pamalo ena a mtsempha n'kusiya ena. Ena ankati ndi pamene magazi amakhula khoma la mtsempha mwamphamvu. Colin Caro wa ku London ananena mu 1969 kuti ndi pamene amalikhula mofooka. David Ku, wophunzira wa PhD wa Don Giddens ku Georgia Tech, anayeza kayendedwe ka madzi m'chifanizo cha mtsempha wa m'khosi, pamphanda pamene umagawikana. Zimene anapeza anaziyerekezera ndi mitsempha ya anthu omwalira imene Christopher Zarins ndi Seymour Glagov ankaunika ku Chicago. Lipoti lawo la mu 1985 linaonetsa kuti mafuta amaunjikana kukhoma lakunja la mphandayo, pamene magazi amayenda mofooka n'kumabwerera m'mbuyo pa kugunda kulikonse. Mpaka lero aliyense wolowa m'maphunzirowa amawerenga ntchito imeneyo.

Gulu lachiwiri limakhala pa kompyuta. Limatenga zithunzi za MRI kapena CT za wodwala weniweni, n'kulemba mzere wozungulira mtsempha pa chithunzi chilichonse mpaka patatuluka chifanizo chonse cha mitsempha ya munthuyo. Chifanizocho amachigawa tizigawo mamiliyoni, kompyuta n'kuwerengera mmene magazi angayendere pa kachigawo kalikonse. Kuwerengera kumodzi kumatha maola ambiri, nthawi zina masiku.

Pamene ntchito imeneyi imandikhudza kwambiri ndi pa ana obadwa ndi mtima wa chipinda chimodzi chokha chopopa magazi m'malo mwa ziwiri. Opaleshoni imene Francis Fontan anayamba ku Bordeaux mu 1968, imene Marc de Leval wa ku London anaikonzanso mu 1988, imalumikiza mitsempha ikuluikulu yobweretsa magazi kuchokera m'thupi ndi mitsempha ya m'mapapo mwachindunji. Magazi amalowa m'mapapo popanda pampu yowakankha. Ndiye mphamvu iliyonse yotayika pa mphambanoyo mwanayo amaimva akamathamanga kapena kukwera masitepe. Palinso nkhani ya chiwindi. Magazi ochokera kuchiwindi amafunika afike m'mapapo onse awiri, chifukwa phapo limene silikuwalandira limayamba kumera timitsempha tolakwika timene timadutsitsa magazi osatenga mpweya, mwana n'kumaoneka wobiriwira milomo. Wophunzira amatha kutenga zithunzi za mwana mmodzi, kuyesa pa kompyuta njira zitatu kapena zinayi zolumikizira, n'kuonetsa dokotala kuti njira iyi itumiza magazi a kuchiwindi mbali imodzi, iyo iwagawa bwino. Dokotala ndiye amagamula, poganiziranso zina zimene kompyuta siziona. Koma munthu wa zaka 26 amene sanagwirepo mpeni wa opaleshoni amakhala atathandiza kusankha mmene chifuwa cha mwana chisokedwere, ndipo ayenera kudziwa kulemera kwa zimenezo.

Kompyuta imatulutsa zithunzi zokongola za mitundu yofiira ndi yabuluu ngakhale masamu ake atalakwika. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku United States, linapempha magulu ambiri ofufuza kuti aliyense payekha awerengere kayendedwe ka madzi m'kapaipi kamodzi kosavuta, kopapatiza pakati. Mayankho anasiyana kwambiri, ndipo ambiri sanagwirizane ndi zimene zinayezedwa pa benchi. Mu 2018 bungwe la mainjiniya la ASME linatulutsa malamulo otchedwa V&V 40, onena mmene munthu angasonyezere kuti zowerengera zake n'zodalirika. Labotale yabwino imakakamiza wophunzira wa pa kompyuta kuti apite pa benchi kukatsimikizira manambala ake, ngakhale zitamuchedwetsa chaka chathunthu.

Gulu lachitatu limalera maselo ndi kuyesa pa nyama. Maselo amafuna kudyetsedwa Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndipo tizilombo tikalowa m'mbale imodzi ntchito ya milungu ingapo imatayidwa. Mavalavu atsopano amaikidwa kawirikawiri mwa nkhosa zing'onozing'ono, chifukwa mwa izo minofu yoikidwayo imauma ndi kashiamu mofulumira, ndiye vuto limene mwa munthu likanaoneka patapita zaka limaoneka m'miyezi. Zoyesa pa nyama zimayamba zavomerezedwa ndi komiti yoona za kasamalidwe ka nyama, ndipo za odwala zimayamba zadutsa ku komiti ina yoteteza anthu.

Njira yopita ku digiri yokha ndi yodziwika. Zaka ziwiri zoyambirira muli makalasi ndi mayeso aakulu oona ngati munthu angapitirize. Kenako amapereka dongosolo la kafukufuku wake kwa komiti ya mapulofesa, amasindikiza malipoti angapo m'magazini a sayansi, amalemba buku lake lomaliza n'kuliteteza pamaso pa komitiyo. Ku Britain ndi mayiko ambiri a ku Ulaya PhD imakhala ya zaka zitatu kapena zinayi, popeza ambiri amalowa ali kale ndi masitazi. Pa malipoti, dzina loyamba limakhala la amene anagwira ntchito yambiri, lomaliza la pulofesa, ndipo mikangano yambiri ya m'malabotale imabuka pa kandandalidwe ka mayina kameneka.

Moyo wake si wofewa. Ndalama imene wophunzira amalandira ndi yongokwanira kukhalira moyo, pamene anzake amene anapita kukagwira ntchito atangomaliza digiri yoyamba akulandira zochuluka. Pulofesa mmodzi yemweyo ndiye amamulipira, amavomereza kuti wamaliza, ndiponso adzalemba kalata yomuchitira umboni pofuna ntchito. Kwa wochokera kudziko lina, chilolezo chokhalira m'dzikomo chimadaliranso kuti akhalebe pa sukulupo. Mphamvu zochuluka chotere m'manja mwa munthu mmodzi zimayenda bwino pulofesayo akakhala wachilungamo. Akakhala wankhanza, wophunzira amasowa kolowera, ndipo mayunivesite ambiri akuchedwa kukonza zimenezi.

Akachoka amapita ndi chiyani

Ochepa okha ndi amene amadzakhala mapulofesa, chifukwa pulofesa mmodzi amaphunzitsa anthu makumi angapo pa moyo wake pamene mpando wake ndi umodzi. Ambiri amapita ku makampani monga Medtronic, Abbott, Edwards Lifesciences ndi Boston Scientific. Ena amalowa m'mabungwe a boma ovomereza zipangizo, ena amapitiriza sukulu ya udokotala, ena amayambitsa makampani awo. Kale panali kaganizidwe kakuti wopita kukampani walephera. Ine sindikuvomereza. Yunivesite sipanga mavalavu oti agulitsidwe, siyendetsa kafukufuku wa odwala zikwizikwi m'zipatala zambiri, ndipo silemba zikalata zochuluka zimene boma limafuna. Ganizo lobadwira m'labotale limafika pa wodwala kudzera mwa anthu amene anatuluka nalo.

Laura Niklason anafalitsa mu 1999 zotsatira za kafukufuku wolera mitsempha ya magazi m'chibotolo chimene chinkaigunditsa ngati mmene mtima umachitira. Mu 2004 anayambitsa kampani ya Humacyte pamodzi ndi Juliana Blum ndi Shannon Dahl, amene anali wophunzira wake ku Duke University. FDA inavomereza mtsempha wawo, wothandiza anthu ovulala mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo, mu December 2024. Kuchokera 1999 panali patapita zaka 25, zokwanira kuti ophunzira a PhD asanu alowe ndi kutuluka motsatizana. Charles Taylor anachita PhD yake ku Stanford pa kawerengedwe ka kayendedwe ka magazi pa kompyuta, anakhala pulofesa pomwepo, kenako anayambitsa kampani ya HeartFlow pamodzi ndi Zarins yemwe uja. Mu 2014 FDA inavomereza njira yawo yogwiritsa ntchito zithunzi za CT poyeza ngati mtsempha wa mtima wapapatiza moti n'kuchepetsa magazi, popanda kulowetsa waya m'thupi. Pulogalamu ya pakompyuta imene inayambira m'labotale yake, SimVascular, inaperekedwa kwaulere kwa aliyense, ndipo mmodzi mwa amene akuisamalira ndi Alison Marsden, amene anagwirapo ntchito m'gulu la Taylor atamaliza PhD yake ndipo tsopano ali ndi labotale yakeyake.

Pali zina zimene zimatayika. Wophunzira akachoka, nthawi zambiri pamatsala makina amene ndi iye yekha ankadziwa kuwadzutsa, kapena pulogalamu imene analemba popanda kufotokoza mmene imayendera. Wobwera pambuyo amataya miyezi akuyambiranso zimene zinadziwika kale. Zoyesa zimene zinalephera sizisindikizidwa kawirikawiri, ndiye zimangokhala m'mutu mwa amene anaziyesa. Apa m'pamene ubale wa labotale ndi anthu ake akale umaonekera phindu. Wophunzira watsopano amalembera kalata munthu amene anachoka zaka zisanu ndi zitatu zapitazo kumufunsa chifukwa chake anasiya kugwiritsa ntchito guluu wina, ndipo yankho la mizere itatu limamupulumutsa ku chaka chongotaya. Pamisonkhano ikuluikulu ya pachaka, akale ndi atsopano amakumana, ndipo ntchito zambiri zoyamba zimapezeka pamenepo.

Nkhani ya ulemu nayonso njovuta. Willem Kolff, amene anapanga makina osefa magazi a odwala impso ku Netherlands pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anasamukira ku Utah mu 1967 n'kutsogolera gulu lopanga mtima wochita kupanga. Iye anali ndi chizolowezi chotcha chipangizo dzina la wachinyamata amene akuchiyang'anira. Motero mtima umene unaikidwa mwa Barney Clark mu December 1982, umene anakhala nawo masiku 112, unatchedwa Jarvik-7 potengera Robert Jarvik. Kunali kuwolowa manja kumene mapulofesa ochepa amakhala nako. Komabe dzina limodzilo linaphimba anthu ambiri amene anagwira ntchitoyo iye asanabwere komanso pamodzi naye.

Udindo waukulu wa munthu wochokera m'labotale yotere, m'kuona kwanga, umaoneka tsiku limene ayenera kukana. Valavu ya Björk-Shiley ya mtundu wa convexo-concave inagulitsidwa kuyambira 1979 mpaka 1986, ndipo anthu pafupifupi 86,000 anailandira. Kachitsulo kena kowotcherera, kogwira chitseko cha valavuyo, kankathyoka mwa odwala ena. Zotere zinachitika maulendo oposa 600, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse amene zinawachitikira anamwalira. Ena onse amene anali ndi valavuyo anayenera kusankha pakati pa opaleshoni ina yoopsa ndi kukhala ndi mantha moyo wawo wonse. Nkhani imeneyi imaphunzitsidwa m'makalasi a uinjiniya mpaka lero. Pa chipangizo chilichonse pamakhala injiniya amene amaona lipoti la kuyesa asanalione wina aliyense, ndipo kampani imakhala ikufuna kuti katundu atuluke msanga. Ngati munthuyo anazolowera, ali wophunzira, kuti nambala yosasangalatsa imalembedwa momwe ilili, adzailembanso momwemo ali pa ntchito. Ngati anazolowera kuichotsa kuti chithunzi chioneke bwino pa msonkhano, adzapita nacho chizolowezicho.

Ndalama zimalowereranso m'labotale momwemo. Kuyambira 1980, lamulo la Bayh-Dole limalola mayunivesite a ku United States kukhala eni a zinthu zotulukiridwa ndi ndalama za boma, ndipo mayiko ambiri anatengera zimenezi. Zinathandiza kuti zotulukiridwa zisamangogona m'mashelefu. Koma zimachitika kuti pulofesa ali ndi gawo m'kampani imene chipangizo chake wophunzira akuyesa, kapena kuti wophunzira auzidwe kudikira kusindikiza lipoti lake mpaka zikalata za umwini zitalembetsedwa. Wofuna kulowa m'labotale ayenera kufunsa zimenezi poyera. Ayeneranso kuyang'ana mndandanda wa amene anaphunzira pamenepo: anamaliza patapita zaka zingati, ali kuti tsopano, mayina awo ali poyamba pa malipoti angati. Mndandandawo sutchula amene anasiyira panjira, choncho ndi bwino kulankhula ndi awiri kapena atatu amene anachoka kale, chifukwa iwo saopanso kunena zoona.

Mitima ya yani

Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu 17.9 miliyoni mu 2019, ndipo oposa atatu mwa anayi alionse anali a m'mayiko osauka ndi apakatikati. Malabotale ambiri, makampani ambiri, ndiponso ntchito zimene ophunzira amakapeza akamaliza, zili m'mayiko olemera. Mafunso amene amafufuzidwa amatsatira odwala a kumeneko.

Taonani valavu yolowetsa kudzera mumtsempha popanda kung'amba chifuwa, imene Alain Cribier anaika koyamba mwa munthu ku Rouen mu 2002. Ndi luso lodabwitsa ndipo lapulumutsa okalamba ambiri amene sakanapirira opaleshoni. Koma inapangidwira valavu ya aortic, ya potulukira magazi opita m'thupi lonse, imene yauma ndi kashiamu chifukwa cha ukalamba, ndipo imagwirira pa kashiamu yemweyo kuti isasunthe. Pali gulu lina lalikulu la odwala mavalavu: anthu oposa 40 miliyoni amene ali ndi matenda a mtima a rheumatic, amene amayamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa paubwana ndipo amapha anthu oposa 300,000 pa chaka. Ambiri ndi ana ndi achinyamata a ku Africa, kumwera kwa Asia ndi kuzilumba za Pacific. Mavalavu awo nthawi zambiri amadontha, ndipo alibe kashiamu wogwirirapo. Akaikidwa valavu yachitsulo ayenera kumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, moyo wawo wonse ndi kuyezetsa magazi pafupipafupi, zimene n'zovuta kwa wokhala kutali ndi chipatala ndiponso n'zoopsa kwa mayi woyembekezera. Akaikidwa ya minofu ya nkhumba kapena ya ng'ombe, imene mwa okalamba imatha zaka 10 mpaka 20, mwa wachinyamata imauma mofulumira kwambiri. Penisilini woperekedwa pa nthawi yake akanaletsa matendawa asanayambe, ndipo imeneyo ndiyo nkhondo yoyamba. Koma amene mavalavu awo anawonongeka kale akufunika chipangizo chimene sichinapangidwebe mokwanira.

Alipo amene anayesa. Ku Thiruvananthapuram, ku India, gulu lotsogoleredwa ndi dokotala M. S. Valiathan pa Sree Chitra Tirunal Institute linatha zaka zoposa 10 likupanga valavu yachitsulo yotsika mtengo, imene inaikidwa koyamba mwa wodwala mu 1990 ndipo ikugwiritsidwabe ntchito. Ku University of Cape Town, Peter Zilla ndi anzake akhala akupanga valavu ya pulasitiki yapadera imene siyenera kuuma ngati ya nyama, yotha kugwira pa valavu yodontha, komanso yoikidwa popanda makina ogwira ntchito m'malo mwa mtima ndi mapapo, amene zipatala zambiri zilibe. Ntchito zonse ziwirizi zinafuna mainjiniya ophunzitsidwa bwino amene anasankha kukhala pafupi ndi odwalawo.

Ophunzira ambiri a m'malabotale a ku America ndi ku Ulaya amachokera ku mayiko omwewa kumene matenda a rheumatic ali ochuluka. Akamaliza, ambiri amatsalira komweko, ndipo sindingawadzudzule, popeza kwawo kulibe makina oyesera, kulibe ndalama za kafukufuku, nthawi zina kulibe ngakhale bungwe la boma lodziwa kuunika valavu. Zimene zingasinthe ndi zinthu zogwirika. Mapulofesa angalole wophunzira kusankha valavu ya mwana wa zaka 15 kukhala mutu wa PhD yake, ngakhale palibe kampani yolipira. Opereka ndalama angathandize wobwerera kwawo kugula makina ake oyamba. Mapulogalamu aulere monga SimVascular achepetsa kale mtengo woyambira, chifukwa munthu wokhala ndi kompyuta yabwino ndi zithunzi za odwala a pachipatala chapafupi angathe kuyamba kafukufuku weniweni. Mu 2018 mayiko a mu World Health Organization anagwirizana pa chigamulo chofuna kuti matenda a mtima a rheumatic aikidwe patsogolo. Kuti chigamulocho chifike pa valavu yoti dokotala n'kuigwira m'manja, pakufunika malabotale amene adzalemba ophunzira pa ntchito imeneyi ndi kuwasunga zaka zonse zimene kuyesa kumafuna.